Maenje Onunkhira Bwazi

Dzenje loyamba Zipora analiona m'mamawa akukataya madzi ochapira matewera. Linali pangodya ya kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana ku Dzalanyama. Kukamwa kwake linali laling'ono, koma kuya kwake dzanja likanalowa mpaka m'chigongono. Dothi silinamwazike monga amachitira galu kapena nkhumba. Linaunjikidwa bwinobwino pambali, ndipo m'kati mwa dzenjemo munali monyowa, chonsecho mvula inali italeka kalekale, mphepo ya mu Juni itaumitsa nthaka gwa.

Atawerama kuti aone bwino, fungo linamulasa m'mphuno. Linali lakuthwa, lozizira, longa la mafuta aja anthu amagula kugolosale opaka msana ukamapweteka. Zipora analizindikira. Kwawo, kumunsi kwa phiri, bambo ake ankakumba mizu ya mtengo wa bwazi n'kuisinja, kuthira m'nkhokwe kuti anankafumbwe asafumbwitse chimanga. Mutu ukawavuta ankanunkhiza khungwa la muzuwo mpaka misozi kulengeza. Ena ankamwaza madzi ake kuzungulira nyumba pothamangitsa njoka. Koma bwazi anali ndi ntchito inanso, imene anthu ankaitchula motsitsa mawu: ntchito ya asing'anga ndi anthu oyenda usiku.

"Bambo a Madalo, tabwerani mudzaone kuno."

Mwamuna wake, Efulemu, anatuluka mswachi uli kukamwa. Anali mphunzitsi wapulayimale, ndipo boma linali litamutumiza ku Mitundu chaka chapitacho. Nyumba ankakhalayo inali yalendi, yamalata, patali pang'ono ndi msika. Anayang'ana dzenjelo, n'kulavula thovu.

"Ana osaka mbewa awa. Nyengo yake ndi ino."

"Mbewa pangodya ya nyumba? Nanga ana amathira madzi a bwazi pauna wa mbewa?"

"Mayi a Madalo, inu usiku wathawu tulo munatiwona? Munthu wosagona amanunkhiza zambiri."

Anakankhira dothi m'dzenjemo ndi phazi n'kupita kukavala. Za tulo zinali zoona ndithu. Madalo, mwana wawo wachisamba, anali asanakwanitse miyezi iwiri, ndipo kwa masabata angapo anali atayamba khalidwe lachilendo. Masana ankayamwa n'kugona ngati mwana aliyense. Koma dzuwa likangolowa ankayamba kulira, kulira kopinda miyendo, nkhope n'kuchita kufiira, osalola bere, osalola kumsana. Zipora anapita naye kuchipatala kawiri konse. Anamwino anamuyeza sikelo, kumugwira pamimba, kumuyeza kutentha kwa thupi, n'kunena kuti mwana ali bwinobwino, ndi mpweya wam'mimba chabe, azimugeyetsa akayamwa ndipo asamumwetse kanthu kalikonse. Zipora anamvera zonsezo. Sukulu anafika nayo folomu folo, ndipo sanali munthu wothamangira mizu.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene Efulemu sankachidziwa. Mchombo wa Madalo utagwa, mayi ake a Zipora, amene anabwera kudzamuthandiza m'chikuta, anamudzutsa kusanache. Anatuluka awiriwiri mwakachetechete, n'kukumba kumanzere kwa sitepe yapakhomo, pomwe khonde limathera. Anakwirira kamchomboko atakakulunga m'kansalu, n'kupondaponda dothi mpaka osaonekanso.

"Malo ano tikudziwa ndi iwe ndi ine basi," anatero mayi akewo monong'ona. "Ngakhale mwamuna wako asadziwe. Munthu woipa akaupeza mchombo, wagwira mwana."

Tsiku limenelo Zipora anaseka chamumtima. Tsopano, ataima pangodya ya nyumba beseni lili m'manja, kuseka kuja kunalibenso.

Usiku wotsatira Madalo analira mpaka mawu kusasa, kenako anagona chogona cha kutopa. Efulemu nayenso anayamba nkonono. Zipora anatsala maso ali gwa mumdima, akumvetsera malata akulira pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira. Kutali, cha kumsewu, anamva njinga yamoto ikubwera. Sinadutse monga zimachitira za kabaza zochedwa. Inangozima, kunja n'kukhala zii. Agalu a kumsika anauwa pang'ono n'kuleka. Panapita nthawi yaitali ndithu, mpaka iye anayamba kudziuza kuti palibe kanthu. Ndiye anamva.

Khwe. Khwe. Khwe.

Kanali kaphokoso kakang'ono, kodekha, ngati nsonga ya mpeni ikukanda nthaka youma. Kankaleka, n'kuyambanso pena. Kankachokera kuseri kwa khoma lomwe mutu wa bedi unatsamira. Kenako panamveka kupuma kwa munthu, kupuma kolemera, kodukaduka. Pamapeto pake madzi anakhuthulidwa pansi, pang'onopang'ono.

"Bambo a Madalo," ananong'ona, akumutsina pankono. "Dzukani. Kunjaku kuli munthu."

"Hm? Ndani?"

"Tsitsani mawu!"

Koma Efulemu pofufuza foni anagwetsa kapu yachitsulo yomwe inali pampando. Madalo anadzidzimuka n'kuyambiranso kulira, ndipo pamene Efulemu amatsegula zenera n'kuwalitsa tochi, kunja kunali mapesi a chimanga okhaokha akugwedezeka ndi mphepo.

M'mawa anapeza maenje atatu pangodya ina ya kuseri. Awiri anali osaya, ngati wokumbayo anayesa n'kusiya. Lachitatu linali lakuya, lonyowa, lonunkhira bwazi. Pambali pake, pafumbi, panali mapazi a munthu wamkulu, otambalala, opanda nsapato. Efulemu anawayang'ana nthawi yaitali. Za mbewa sanazitchulenso.

Nkhani inafika kwa aneba dzuwa lisanakwere. Mayi a Gift, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo ndipo ankagulitsa tomato kumsika, anabwera atagwira pakamwa.

"Asisi, munthu ameneyu akufuna chinthu. Sakukumba mwachisawawa ayi. Taonani, akuyesa apa, akuyesa apo."

"Akufuna chiyani m'nyumba ya mphunzitsi? Ife tilibe kanthu."

"Muli nako kanthu." Mayi a Gift analoza ndi mlomo kumsana kwa Zipora, komwe Madalo anali atagona. "Wachisamba ameneyu. Anthu a mabizinezi masiku ano mitima inauma. Mukuona ngati zigayo zina zosawonongekazi zimayendera dizilo yekha? Amati mchombo wa mwana wachisamba ndiye chizimba chake. Ndinamva kuti kwinakwake cha ku Nathenje mwana anangoyamba kulira usiku chonchi, kenako kuwonda, kuwonda, mpaka..." Anagwedeza mutu. "Ayi, ndisanene. Koma nyumba ino inalibe zoterezi. Nthawi ya a Matthews, aphunzitsi aja anasamukira ku Nathenje inu musanabwere, ngakhale wakuba sankaponda pano. Anthu opemphera, akulu a mpingo. Nanga inu munakwirira pati?"

Funsolo linatuluka mosalala kwambiri moti Zipora anayamba kumukayikira.

"Mayi anapita nawo kumudzi," ananama.

Kuyambira tsiku limenelo sankakhulupiriranso munthu. Wogulitsa makala akaima pakhomo, iye ankayang'ana mapazi ake. Anayesa kuimbira mayi ake, koma foni yawo inali yozima. Kumudzi kunali kotanganidwa ndi kusankha fodya ndipo kotchajira kunali kutali. Masana ena ananyamula mtondo n'kuuika kumanzere kwa sitepe kuti utseke malowo. Atangobwerera m'nyumba anazindikira kuti wachita ngati waika chizindikiro, ndipo anathamanga kukauchotsa. Anaganiza zofukula yekha kamchomboko n'kukabisa pena, koma ankaopa kuti mwina pali maso amene akudikira zomwezo, kuti iye mwini awalozere.

Usiku wina kunalibe chilichonse, ndipo Efulemu, amene anachezera pampando ndi mpini wa khasu, anapita kusukulu maso ali psuu. Usiku wotsatira tulo tinamugonjetsa, m'mawa n'kupeza ngodya ya kumaso yakumbidwa. Patapita usiku winanso, ngodya yotsala nayo inali ndi dzenje lake, ndipo tsopano panali timaenje tina tosaya totsata khonde, tolunjika kukhomo. Kotsiriza kanali pafupi ndi sitepe moti Zipora atakaona anangokhala pansi pomwepo.

Madzulo ake Efulemu anabwera atatsimikiza.

"Ndakambirana ndi a Lackson, a chitetezo cha m'dera. Akuti tikangomva kanthu tikuwe, iwo aliza wezulo. Koma inu mawa mukwere minibasi, mupite kumudzi ndi mwana mpaka zimenezi zithe."

"Sindingachoke."

"Chifukwa?"

Zipora anayang'ana pansi. "Mchombo wa Madalo uli pano. Ndikachoka, auyang'anira ndani?"

"Uli pati?"

"Musandifunse."

"Mayi a Madalo, ine ndine bambo wake wa mwanayu."

"Ndikudziwa. Musandifunse."

Efulemu anatsegula pakamwa, mwina kuti anene za sayansi yomwe ankaphunzitsa ana a sitandade sikisi. Koma Madalo anayamba kulira kwake kwa madzulo, ndipo iye anangotseka pakamwa, kunyamula mwanayo n'kuyamba kuyenda naye uku ndi uku.

Usiku umenewo kunazizira kuposa masiku onse. Anazimitsa nyali ya sola n'kukhala pansi kuseri kwa chitseko, Efulemu ndi mpini wake, Zipora ndi Madalo kumsana. Mwanayo atatopa n'kulira anagona, kamutu kali kotentha pakati pa mapewa a mayi ake. Mwezi unali utatuluka, ndipo kuwala kwake kunkalowa pansi pa chitseko ngati kansalu koyera.

Njinga yamoto inamveka kutali, n'kuzima.

Anadikira. Kenako udzu wouma unalira, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Kansalu koyera ka pansi pa chitseko kanadukidwa ndi mthunzi. Fungo la bwazi linalowa m'nyumba, lamphamvu kuposa kale lonse.

Zipora anadzuka pang'onopang'ono, n'kusuntha katani ya pazenera ndi chala chimodzi.

Chinthucho chinali chogwada pafupi ndi sitepe. Chinali chachikulu, chotuwa mbuu pakuwala kwa mwezi, chopanda kansalu n'kamodzi komwe. Chinkakwawa ndi mawondo, chikhatho chikupapasa nthaka monga munthu wofuna singano yotayika. Msana wake unkanjenjemera. Pambali pake panali kachigubu. Chinapapasa kumanja kwa sitepe, n'kugwedeza mutu. Chinakwawira kumanzere. Chinaima pamenepo, n'kuyeza ndi zala kuchokera pakhoma. Ndiye mpeni unang'anima, nsonga yake n'kulowa pansi.

Zipora sanadziwe kuti chitseko anachitsegula bwanji. Anangozindikira ali panja, akukuwa ndi mawu amene iye mwini sanawadziwe.

"Mfiti! Mfiti kuno! Mwana wanga ayi!"

Efulemu anamudutsa n'kugwera chinthucho pamsana. Chinagwa chammbali ngati thumba la chimanga, mpeni n'kuthawira uko. Sichinalimbane. Wezulo inalira cha kumsika, zitseko zinayamba kutseguka, matochi akuthamanga mumdima, ndipo posakhalitsa bwalo linadzaza anthu ofunda mabulangete, ena atanyamula zibonga.

Pakati pawo panakhala bambo wachikulire, wamimba, wadazi, atapinda miyendo, atabisa umaliseche wake ndi kachigubu kaja. Mano ake ankagundana.

"Ndiwe yani?" anakuwa Lackson, mnyamata wamtali wa chitetezo uja. "Wakutuma ndani?"

Bamboyo anangoweramitsa mutu.

"Yankhula!"

Zii. Khofi la Lackson linalira patsaya lake, mutu n'kupendekeka. Wina anamumenya ndi ndodo paphewa. Bamboyo anatsinzina, kuluma mlomo mpaka magazi, koma ngakhale kubuula sanabuule.

"Mwaona? Zimatero mfiti zikagwidwa, pakamwa pamamangika."

"Tiyeni nayo kupolisi."

"Kupolisi akaitulutsa mawa. Kodi kwa okonza njinga kulibe tayala lakutha?"

Mawu amenewo atamveka, anthu anayamba kuyandikira, ndipo Zipora anaona kuti zinthu zikupita kwina. Bamboyo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana iye. Misozi inkatsika m'masaya mwake. Anatula chigubu pamiyendo, kupinda manja pachifuwa ngati wanyamula khanda, n'kuwagwedeza uku ndi uku. Kenako analoza pansi, pafupi ndi sitepe, n'kuomba m'manja mopempha.

"Akuvomera yekha kuti amafuna mwana!" anatero wina.

Mayi a Gift anadzipanikiza kutsogolo n'kumuwalitsa tochi kumaso.

"Ii! Anthuni! Si a Matthews awa?"

"A Matthews ati?"

"Aphunzitsi! Ankakhala nyumba yomwe ino!"

Anthu asanameze zimenezo, kumsewu kunamveka mayi akuthamanga, akulira, patapata akuwomba pansi.

"Musawaphe! Chonde musawaphe! Ndi amuna anga!"

Anali mayi wonenepa, wovala juzi ndi duku, atakumbatira mtolo wa zovala: buluku, shati, jekete, ndi nsapato zakuda zopolishidwa bwino. Anagwada pakati pa bwalo akupuma mwabefu.

"Ndine Rozina, akazi awo, ndimawadikira panjinga kumsewuko ndi zovala zawo. Ambiri mukundidziwa. Iwowa sangayankhule, musawakakamize. Akayankhula, zonse zigwera mwanayo."

"Zonse ziti?" anafunsa Efulemu, mpini ukadali m'manja.

Rozina anapukuta nkhope ndi shati ya mwamuna wake. "Aphunzitsi, ndinena, manyazi atha kale. Titangofika m'nyumba ino, akuba anatisautsa. Mbuzi, njinga, mpaka mapoto. Bambowa anapita kwa sing'anga kuphiri, ndipo sing'angayo anabwera kudzatsirika nyumba. Anakhoma zikhomo m'ngodya zonse ndi china pakhomo. Sing'angayo anatichenjeza kuti zikhomo zimenezi n'zotentha, m'nyumbamo musadzagone khanda, ndipo mukamasamuka mudzazule. Ife ana athu anali atakula kale. Posamuka tinali ndi mipando, nkhuku, lole ikutidikira. Tinaiwala."

Anthu anasendera pafupi kuti amve bwino.

"Ndiye tsiku lina ndabwera kumsika kuno kudzagula nyemba, ndikumva amayi akukambirana kuti kwa aphunzitsi atsopano kuli khanda lolira usiku wonse. Nditakawauza bambowa, chakudya chinawakanika. Akuti, ‘Rozina, mwana wa eni akupsa ndi moto wanga.’ Anabwerera kwa sing'anga uja. Iye anati wozula akhale yemwe anagwirizira pokhoma, chikhomo chimodzi usiku umodzi, ali monga anabadwira, pakamwa potseka kuyambira povula mpaka chikhomo chituluke. Akazula azithira madzi a bwazi m'dzenjemo kuti nthaka izizire. Zinayi zatuluka. Chatsala cha pakhomo. Koma eni nyumba anawonjezera khondeli ife titachoka, ndiye malo akuwasokoneza."

"Nanga osangobwera masana kudzatiuza bwanji?" anafunsa Efulemu. "Ife sabata yonse osagona!"

"Ndinawauza zomwezo! Akuti, ‘Ine mkulu wa mpingo, ndikagogode kwa mphunzitsi mnzanga n'kunena kuti ndinakhoma zikhomo?’ Ndiye taonani ulemu umene aupezawu."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Zibonga zinayamba kutsika. Koma Zipora sanaseke. Maso ake anali pamalo pamene mpeni unalowa.

"Zamveka," anatero Efulemu. "Avaleni, muzipita. Ine za zikhomo sindizikhulupirira. Zisiyeni momwemo."

A Matthews anapukusa mutu mwamphamvu, n'kukana jekete lomwe Lackson anawapatsa.

"Akavala chisanatuluke ndiye kuti ntchito yonse yawonongeka," anatero Rozina. "Chonde, amayi a mwana. Chatsala chimodzi."

Onse anayang'ana Zipora. Iye anayang'ana bambo wachikulire uja, tsaya litatupa, mlomo ukutuluka magazi, thupi lonse lili njenjenje. Munthu ameneyu anamenyedwa osatulutsa mawu, poopa kuti angapweteke mwana amene sanamuonepo n'kale lonse. Kaya zikhomozo zinali ndi mphamvu kaya zinalibe, Zipora sanafune kuti china chitsale pansi pa khomo lake. Komanso sakanalola mpeni wa munthu wina uyendeyende pamalo amenewo, anthu onsewa akuona.

Anamasula nsalu n'kupereka Madalo kwa bambo ake. Mwanayo, ndi wezulo yonse ija, anali m'tulo.

"Amuna nonse, yang'anani kumsewu. Inunso bambo a Madalo. Amayi, zimitsani matochi. Mayi a Gift, yanunso."

"Asisi, ine ndimati ndikuunikireni."

"Mwezi ulipo. Zimitsani."

Matochi anazima limodzilimodzi. Zipora anatenga supuni yaikulu pakhonde, n'kugwada kumanzere kwa sitepe. Anagwada mochenjera, bondo lake lamanzere n'kutsamira ndendende pamalo amene ankawadziwa iye ndi mayi ake, chitenje n'kuphimba ponsepo. Pansi pa bondolo nthaka inali yolimba, yosalala, yosakhudzidwa.

"Lozani, bambo. Ndikumba ndine, inu mungozula."

A Matthews anakwawa, dzanja limodzi likugwirabe chigubu, n'kuloza pomwe mpeni unasiya chibowo. Panali potalikirana ndi bondo la Zipora ngati chikhatho chimodzi chokha. Iye anakumba cholozetsa kunja, dothi akulikokera kutali ndi bondo lake. Supuni inkalira panthaka youma. Dzanja linalowa mpaka pamfundo, kenako kupitirira. Anayamba kuganiza kuti mwina palibe kanthu, kuti mwina adzafunika kusuntha bondo. Ndiye supuni inagunda chinthu.

Anachotsa dzanja. A Matthews analowetsa lawo, kugwira, kupotoza, kukoka. Panatuluka kamtengo kakuda, kotalika ngati chala, kosongoka, kokulungidwa ndi waya wadzimbiri. Kanali kakang'ono moti Zipora anachita kudabwa kuti mantha onse aja anali a kameneka. Rozina anatenga chigubu, mwamuna wake n'kudziphimba msanga ndi manja onse awiri, ndipo anakhuthula madzi a bwazi m'dzenjemo. Zipora anabwezera dothi, kulitsendera, n'kusalaza ndi chikhatho mbali yonse ya sitepe kuti pasadziwike pena ndi pena. Atatero m'pamene anadzuka.

Rozina anaponya jekete pamapewa a mwamuna wake. A Matthews anavala buluku akudzandira, mwendo wina ukukana kulowa. Atamanga lamba anatembenukira kwa Zipora.

"Mwa... mwana ali bwanji, mayi?"

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amayi anagwirana mapewa, ena kukhala pansi. Zipora naye anaseka, koma kuseka kwake kunasanduka kulira, kulira kwa munthu amene watula mtolo, ndipo Rozina anamukumbatira, onse awiri akununkhira bwazi.

Lackson anayandikira atavula chipewa. "Aphunzitsi, pepani. Dzanja linathamanga. Sindinakuzindikireni."

"Ukanandizindikira bwanji, Lackson? Unandionapo chonchi?" A Matthews anagwira tsaya lawo. "Koma mphamvu uli nazo. Zikanakhala kuti masamu unkawamenya chomwechi, bwenzi uli ku ofesi."

"Nkhani imeneyi isafike kumpingo, chonde," anatero Rozina, akuyang'ana mayi a Gift.

"Ine? Ndine munthu woyankhula ngati?" anayankha mayi a Gift, ndipo anthu anasekanso kuposa poyamba.

Efulemu anakoleza mbaula. A Matthews anakhala pakhonde atafunda bulangete la Efulemu, kapu ya tiyi akuigwira ndi manja awiri, ndipo anapempha kuti aone nkhope ya mwanayo. Efulemu anasuntha kashawelo pang'ono. Bamboyo anamuyang'anitsitsa, kenako anakulunga kamtengo kaja m'mpango n'kukaika m'thumba la jekete. Anthu anabalalika pang'onopang'ono, akubwerezabe nkhaniyo m'njira. Njinga yamoto italira kumsewu, Zipora anaimvetsera mpaka inazimirira cha ku Nathenje, ndipo anagona osavula n'chitenje chomwe.

Anadzidzimuka dzuwa litalowa kale pazenera. M'nyumba munali zii. Anapapasa pambali pake: panalibe mwana. Anadumpha pabedi, kugunda chitseko ndi phewa, n'kutulukira panja mtima uli m'mwamba.

Efulemu anali atakhala pakhonde padzuwa, khasu lili pambali, maenje onse atakwirira. Madalo anali pamiyendo pake, maso ali tong'o, akuponda m'mwamba ndi timiyendo take.

"Mwadzukiranji? Lero ndi Loweruka, kagoneni," anatero Efulemu. "Koma poti mwabwera, taimani pomwepo. Musasunthe. Madalo, taona, ndani uyo?"

Mwanayo anatembenuza kamutu, kufufuza, n'kupeza nkhope ya mayi ake. Anaiyang'anitsitsa, tinsidze titakwinyika ngati akuganiza. Kenako kakamwa kopanda mano kanatseguka, n'kumwetulira koyamba chibadwire.

Zipora anakhala pansi pasitepe, n'kutambasula manja.